Ndondomeko Yanga Inaiwala Moto

Loweruka lapitali ndinatentha ndi manja anga mapepala amene ndinawalemba kwa masabata awiri athunthu. Ndinagwada pamiyala ya njanji, nditavala suti yanga ya kutchalitchi, anthu akundikuwiza m'mawindo a sitima. Ndipo ndikufuna kuti inu owerenga mudziwe kuti sindikudandaula ngakhale pang'ono.

Ndiyambe poyambira, monga ndinkawauzira ana asukulu zaka zonse zimene ndinagwira choko.

Kuno ku Kadoma ndi kwa anansi athu ku Chegutu kuli kagulu ka anthu okonda nyimbo. Ambiri mwa ife ndife ana ndi zidzukulu za amuna amene anachoka ku Nyasalande kudzakumba migodi, osabwereranso. Mtsogoleri wathu ndi Mayi Nachisale a ku Chinengundu, dera la ku Chegutu, amene amagulitsa tomato ndi kapenta pamsika. Mayi ameneyu akanena kuti chinthu chichitika, inu ingoyambani kusita malaya. Chaka chino ananena kuti tibwereka mabogi awiri a sitima, tikwezamo oimba ndi owakonda, ndipo tiyenda kuchokera ku Kadoma mpaka ku Chegutu tikuimba njira yonse.

Ambiri tinaseka. Mtunda umenewu kombi, minibasi ya kuno, imaudya m'theka la ola, ndipo ana athu ena anakula osakwerapo sitima. Koma eni njanji anavomera. Anangoika lamulo limodzi lolimba: m'mabogi musakhale moto wa mtundu uliwonse, kaya wa fodya, kaya wa mbaula.

Ine anandipatsa ntchito yolemba ndondomeko ya zochitika, ndiponso makalata oitanira oimba.

Oimbawo anali magulu awiri. Loyamba linali la Tawanda wa ku Ingezi, mwamuna wa ana atatu amene amakumba golide mkati mwa sabata, n'kumaimba gitala Loweruka. Agogo ake anali a ku Ntcheu. Chichewa amachimva chonse, ngakhale miseche, koma amayankha m'Chishona. Ndinapita kwawo ndi kope, ndinamufunsa zimene gulu lake lidzafune, ndipo iye anandiwerengera: mabatire a sola, mawaya, malo a zokuzira mawu, chingwe chomangira kiibodi kuti isagwe sitima ikamagwedezeka. Zonse ndinalemba.

Gulu lachiwiri linali la Beni, gule wa ng'oma ndi malikhweru amene makolo athu ankavina m'makomboni a migodi atavala ngati asilikali. Mwini ng'oma yaikulu ndi Che Amidu a ku Waverley, mnansi wanga, amene anagwira ntchito pansi panthaka bambo anga ali mabalane, ndiye kuti kalaliki wa pamgodi. Anandiona ndikuthamanga ndi kabudula wong'ambika. Kwa iwo sindinapite ndi kope. Ndinangotumiza kalata yaulemu pamodzi ndi ndondomeko, ndipo yankho linabwera la mawu amodzi: "Tamva."

Ndondomekoyo, kunena zoona, inali yokongola. Ndinaiwerenga kanayi. Ndinaima kumbuyo kwa mayi wotayipa m'tauni mpaka anandipempha kuti ndikhale pansi. Panalibe mpumiro umene unasochera. Ndipo pansi penipeni, ndi zilembo zikuluzikulu, ndinalemba lamulo la eni njanji: MOTO NDI WOLETSEDWA.

Tsikulo linafika ndi chisanu cha mu Juni, chija chimalowa m'mafupa popanda kuodira. Pasiteshoni anthu anali atafunda mabulangete, ena atanyamula mafulasiki a tiyi, mbatata yophika ndi mazira owiritsa. Che Amidu anatulukira ndi anzawo atatu, onse m'majekete a kaki okhala ndi mamendulo pachifuwa, ng'oma itagona pawilibala, itafunditsidwa bulangete ngati wodwala. Ndinawaona ataima, akuyang'ana kumanja kwa siteshoni, kenako kumanzere, kenako kumanjanso. Ndinaganiza kuti akufunafuna achibale. Ndinawapatsa moni, n'kuthamangira zina.

Muyenera kudziwa mbiri ya ng'oma imeneyi kuti mumvetse zimene zinatsatira. Inapangidwa pakomboni, ndi mgolo komanso chikopa cha ng'ombe. Kale munthu akatopa ndi mgodi n'kuganiza zobwerera kumudzi, a Beni ankamuperekeza kusiteshoni akuimba. Iye ankakwera, iwo ankatsala. Ng'omayo inaperekeza anthu ambirimbiri, koma yokha inali isanapondepo m'bogi. Pamene Mayi Nachisale ananena za ulendowu, akuti Che Amidu anasintha zingwe zake zonse ndi manja awo, n'kupukuta mamendulo ndi phulusa.

Sitima inalira, inadzigwedeza, inanyamuka. Abale anga, chisangalalo chake!

Tawanda anayamba sitima isanatuluke n'komwe m'tauni. Magitala a sungura, chamba chovinitsa cha kuno, anathamanga ngati akupikisana ndi magudumu. Kodi munayesapo kuvina pansi pakugwedezeka? Phazi limapita kumene lafuna, ndipo mwini wake amangolitsatira. Bambo wina wa mimba yaulemu anadzipeza atakhala pamiyendo ya mayi amene sankamudziwa, ndipo mayiyo anangomuuza kuti, "Mukatsika mundiuze, achimwene, ndikufuna kuona kunja." Tinadutsa milu ya dothi la migodi yakale, minda ya tirigu yobiriwira pakati pa udzu wouma, ndi anthu okumba golide amene anaimika mafosholo n'kuyamba kutivinira kuchokera m'maenje. Ine sindivina pagulu. Koma ndivomereze kuti phazi langa lamanzere linachita zinthu zimene sindinalitume.

Nthawi ya Beni itakwana, ndinaimirira, ndinakonza tayi, ndinalengeza monga mwa ndondomeko. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta.

Palibe chimene chinachitika.

Che Amidu anali atakhala pampando wa pakona, ng'oma ili pakati pa mawondo awo, bulangete lili pomwepo. Anzawo atatu aja ankayang'ana pawindo ngati sanaonepo mitengo.

"Che Amidu," ndinatero, "bwalo ndi lanu."

"Zikomo, a Ticha," anayankha mwaulemu wozizira. "Ife tabwera kudzaonerera. Anawa akuimba bwino kwambiri. Apitirize."

Chiyambire, munthu ameneyu sananditchulepo kuti a Ticha. Kwa iye ndine mwana wa mabalane, ngakhale imvi zandidzaza m'mutu. Ulemu umenewo unandiopsa kuposa chipongwe.

Tawanda anandiyandikira, gitala ali m'khosi. "Ticha," ananong'ona, "sekuru vatsamwa."

"Akwiya ndi chiyani? Ndawalakwira chiyani?"

Iye anangokweza mapewa. Ndinawerama, ndinakweza nsonga ya bulangete, n'kugogoda chikopa ndi chala. Chinalira ngati munthu wamenya pilo. Chisanu chinali chitachifewetsa. Pamenepo ndinakumbukira zimene mwana aliyense wa pakomboni ankadziwa: ng'oma ya chikopa imawambidwa pamoto isanaimbidwe, kuti ikungike, mawu ake adzuke.

Ndinaganiza kuti vuto ndi lokhalo, ndipo ndinaganiza kuti ndili ndi mankhwala ake. Mayi a kunyumba amandinyamulitsa botolo la labala la madzi otentha chifukwa cha bondo langa, ndipo ine ndimalibisa m'chikwama. Ndinalitulutsa pamaso pa anthu onse, ndi kansalu kake kokutira ka maluwa ofiira, n'kulipereka ndi manja awiri.

Che Amidu analiyang'ana, n'kunena kuti:

"Ng'oma yanga ilibe nyamakazi, a Ticha."

Bogi lonse linaphulika ndi kuseka. Iwo okha sanaseke.

Mayi Nachisale anandikoka dzanja mpaka pakhomo, pamene mabogi awiri amalumikizana ndipo munthu amayankhula mofuula.

"A Ticha, bambo anu sankaitana Beni pakomboni?"

"Ankaitana, chaka chilichonse."

"Nanga a Beni akafika pabwalo ankapeza chiyani?"

Ndinakumbukira ubwana wanga. Ndinaona amayi anga atagwada pambali pa bwalo, akuuzira udzu, utsi ukukwera oimba asanafike. Moto wowambira ng'oma sayatsa woimba ayi. Amayatsa amene waitana. Umenewo ndiwo moni, ndiwo mawu akuti takuyembekezerani. Woimba sapempha moto, monga mlendo sapempha mpando. A Beni akafika pakhomo n'kupeza palibe utsi, ankakhala pansi, n'kupereka moni, n'kumwa madzi, kenako n'kubwerera osaimba, osanena kanthu. Ndipo khomo limenelo sankapondakonso.

Tsono pasiteshoni paja, Che Amidu sankafunafuna achibale. Ankafunafuna utsi.

"Nanenso ndinaiwala," anatero Mayi Nachisale, "koma ine sindinawatumizire kalata ya zilembo zikuluzikulu yonena kuti moto ndi woletsedwa. Iwo awerenga kuti tawaitana kudzakongoletsa mpando. Ndawamva akuuza anzawo kuti tikafika ku Chegutu akwera kombi yobwerera, ndipo ng'omayo sidzatulukanso m'nyumba."

Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu. Ine ndinafunsa wa mabatire, osafunsa wa ng'oma.

Tinali titadutsa kale theka la ulendo. Kuyatsa moto m'bogi kunali kosatheka, ndipo lamulolo linali lolondola. Sindikulitsutsa ngakhale lero. Ndinaima pakhomo paja ndikuona mitengo ikubwerera m'mbuyo, Chegutu akuyandikira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalakalaka kuti sitima ichedwe.

Inachedwa. Pamalo ena pamene njanji zimakhala ziwiri, inachepetsa liwiro n'kuima. Gadi wa sitima, bambo wamtali wa chipewa chakuda, anadutsa akulengeza kuti tidikira sitima ya katundu idutse. Mayi Nachisale anamugwira mkono. Zimene anakambirana sindinazimve zonse, koma ndinaona bamboyo akupukusa mutu, kenako akukanda chibwano, kenako akuyang'ana majekete a kaki aja.

"Pamatombo chete," anatero pomaliza m'Chishona, kutanthauza pamiyala pokha, akutilozera pabwalo la miyala kutali ndi udzu ndiponso kutali ndi mabogi. Anaonjeza kuti iye mwini aima pomwepo, ndipo sitima ya katundu ikangodutsa, moto uzime.

Tinatsika atatu: mayiyo, Tawanda ndi ine. Nkhuni panalibe. Udzu wa m'mbali unali wonyowa ndi mame, komanso gadi sakanalola kuti tiuyandikire. Tinayang'anayang'ana. Kenako ndinaona kuti Mayi Nachisale asiya kuyang'ana pansi, ndipo akuyang'ana chikwama changa.

M'chikwamamo munali mtolo wa ndondomeko zotsala.

"Mayi," ndinatero, "zimenezi ndinaziwerenga kanayi."

"Ndiye mwaziloweza," anayankha. "Tulutsani."

Tawanda anatulutsa laita m'thumba, n'kuwerama kuti ayatse. Mayiyo anamumenya pankhonya.

"Iwe ndiwe woimba, chotsa dzanja. Pakalata yoitana anasaina ndani?"

Ndinasaina ndine.

Choncho ndinagwada pamiyala yosongoka ija, bondo lodwala likudandaula. Sindinasutepo fodya, ndipo kachipangizo kameneka sindikadziwa. Ndinakanikiza koyamba, palibe. Kachiwiri, palibe. Anthu anali atadzaza m'mawindo onse a mabogi awiri. Wina anayamba kukuwa m'Chishona kuti nditenthe, ndipo onse anamulandira ngati nyimbo: "Pisai, Ticha, pisai!" Kachitatu lawi linatuluka, linagwira ngodya ya tsamba loyamba, ndipo zilembo zikuluzikulu zoletsa moto zija n'zimene zinayamba kupsa.

Utsi unakwera.

Sindinatembenuke, koma ndinamva phokoso la m'mawindo likutsika. Kenako ndinamva mamendulo akulira. Che Amidu ankatsika masitepe a bogi limodzilimodzi, osathamanga, ngati munthu amene wangoganiza zokawongola miyendo. Anzawo anatsitsa ng'oma. Iwo anachotsa bulangete, analipinda bwinobwino, n'kupendeketsa chikopa kuti chiyang'ane lawi. Ankachisisita ndi chikhatho mozungulira, n'kugogoda, n'kutchera khutu. Poyamba chinayankha ngati pilo uja. Kenako ngati chitseko. Ine ndinkaponya tsamba limodzi, likatha ndiponyenso lina.

Mtolo wanga utatsala pang'ono kutha, anthu anayamba kupereka ndondomeko zawo kudzera m'mawindo, zina zitakulungidwapo mbatata.

Che Amidu anagogodanso. Mawu anatuluka ozama, ozungulira, amene ndinawamva m'mimba ndisanawamve m'khutu. Sanandiyang'ane. Anangotambasula dzanja.

"Onjeza tsamba lina, iwe mwana wa mabalane. Chichewa chako chikuyaka bwino."

Ndalandirapo mawu oyamikira kuchokera kwa oyendera sukulu, koma amenewa ndi amene ndidzawasunge.

Sitima ya katundu inadutsa ndi mabogi ake osatha. Gadi anapondaponda phulusa, Mayi Nachisale anathirapo tiyi wotsala, ndipo tinakwera. Likhweru linalira, ng'oma inagunda, ndipo amuna anayi okalamba anayamba kuguba pakati pa mipando, mapewa ali m'mwamba, sitima ikuwaponya uku ndi uku koma phazi osaphonya. Anaimba nyimbo ija yoperekezera opita kumudzi, yonena za munthu amene wanyamula sutikesi n'kusiyira anzake fumbi. Ndinkaidziwa ndili mwana. Nthawi zonse ndinkaimva nditaima pasiteshoni, sitima ikuchepa m'maso. Sindinaganizepo kuti ingamveke bwanji kwa munthu amene ali mkati.

Tawanda anamvetsera ndime imodzi, mutu utapendekeka, zala zikufufuza pazingwe. Pandime yachiwiri gitala analowa mwakachetechete, pansi pa ng'oma, osati pamwamba pake. Che Amidu anamuyang'ana ndi diso limodzi, n'kugwedeza mutu. Achinyamata amene samayankha m'Chichewa anagwira mawu obwereza, ndipo anawaimba molakwitsa pang'ono. Ine, amene mumandidziwa, sindinakonze aliyense.

Anthu a ku Chinengundu amene anabwera kudzatichingamira akuti anamva ng'oma asanaione sitima. Titatsika, Che Amidu anayang'ana siteshoni ya Chegutu, anasisita ng'oma yawo, n'kuiuza kuti, "Waona? Onse aja unkawaperekeza, kumudzi kwake kunali kuno!" Kombi yobwerera sanaikwere. Anadya nafe nsima, imene kuno amati sadza, ndipo madzulo anabwerera nafe pasitima. Moto wa ulendo wobwererawo unayatsidwa pabwalo la kuseri kwa siteshoni, ndi nkhuni zenizeni, oimba asanamalize kusamba m'manja.

Tsopano ndiloleni ndinene chimene chandisowetsa mtendere sabata yonseyi.

Timakonda kudandaula kuti mwambo wathu ukutha kuno kuchilendo, ndipo chala timaloza ana, chifukwa tikawafunsa m'chinenero cha agogo awo amatiyankha m'chinenero cha anzawo. Ine ndemwe ndalembapo zimenezi patsamba lino, kangapo konse. Koma Loweruka lija amene anatsala pang'ono kutsekera ng'oma m'nyumba mpaka kalekale sanali Tawanda. Ndinali ine, wa imvi, wodziwa malamulo a kalembedwe, amene ndinaona amayi anga akuuzira moto umenewo.

Taonani mmene timachitira paukwati, pachikumbutso, pamsonkhano wa mpingo kapena wa sosaiti yothandizana pamaliro. Wa zokuzira mawu timamufunsa sabata isanakwane kuti adzafuna chiyani, chifukwa iye amabwera ndi mndandanda ndipo amanena poyera kuti popanda magetsi saimba. Akuluakulu timangowatumizira uthenga. Timawaika pandondomeko, mphindi zochepa chakudya chisanafike, kuti tiwajambule ndi mafoni. Kodi ndani amapita kukakhala nawo pakhonde n'kufunsa kuti, agogo, kuti zimenezi zichitike moyenera, ife tikonze chiyani? Iwo sanena. Anaphunzitsidwa kuti zinthu zina zikapemphedwa zimatha mtengo. Ndiye amabwera, amakhala, amamwa madzi, amabwerera. Chaka chotsatira timamva kuti akana, ndipo timati ukalamba wawagwira.

Wina anganene kuti Che Amidu akanangolankhula. Inde, akanatero, ndipo bondo langa likanapulumuka. Ndinawauza zimenezo Lamlungu, nditapita kukawaona. Anandiyankha kuti, "Ndikanapempha, ukanandipatsa moto. Koma sindikanadziwa ngati umandifuna." Ndayesa kupeza cholakwika m'chiganizo chimenecho kwa masiku anayi, ndipo ndalephera.

Ndondomeko imodzi yokha inapulumuka. Mayi a kunyumba anaipeza m'thumba la jekete, ndipo aimata pakhoma pafupi ndi kalendala. Mpumiro uliwonse uli pamalo pake. Ndikaiyang'ana ndimaona tsamba lopanda cholakwa ngakhale chimodzi, limene linatsala pang'ono kukhumudwitsa munthu mpaka kumanda.

Inu amene mukukonza mwambo mwezi uno, ndikudziwa kuti mabatire mwalemba, mipando mwalemba, ngakhale mchere mwalemba. Nanga mkulu uja mwamuitanayo akafika n'kuyang'ana kumanja ndi kumanzere, kodi adzauona utsi?